Sitolo yanga ya m'thumba idakafika ku Dubai

Abale a mumsika, ambiri a inu Dubai mumaidziwira ku katundu. Chaja ili pa benchi panuyo, chikwama chonyezimira chija, mafuta onunkhira aja mumalumbira kuti ndi orijino pomwe inu ndi ine tikudziwana, zonsezo ati n'za ku Dubai. Ine ndidakapondako mu Okotobala 2024. Sindidapite ngati bwana ayi, ndidapita ngati wonyamula zikwama za azakhali anga. Koma m'thumba ndidatenga kasitolo kangakanga, ndipo nkhani yake ndi imeneyi.

Azakhaliwo ndi alongo awo a bambo anga. Ali ndi kashopu ku Limbe komwe amagulitsa machaja, makava a foni, mahedifoni ndi zikwama za amayi, ndipo kawiri pa chaka amakapikula ku Dubai. Chaka chimenecho mnzawo amene amayenda naye adali kuchipatala kudikirira matenda. Lamulungu lina atangoweruka kutchalitchi adandiitanitsa.

"Iwe, pasipoti ija udatengera chiyani? Kukongoletsera m'sutikesi?"

"Ikudikira mwayi, azakhali."

"Mwayi wake ndi uno. Tikiti ndilipira ine. Iwe ukanyamula zikwama ziwiri za makilo 23, ukandiwerengera Chizungu cha pa malisiti, ukandiyang'anira katundu ndikamatsitsa mtengo. Viza ndi ya m'thumba udzionere wekha."

Ine ntchito yanga ndi kulemba nkhani m'nyuzi, ndipo amandilipira nkhani ikatuluka, ndalama yake yobwera ngati mvula ya chizimalupsa. Chondidyetsa kwenikweni ndi kujambula pa kompyuta: mapositala a misonkhano ya chitsitsimutso, makadi a chinkhoswe ndi ukwati, zikwangwani za saluni, malebulo a chiponde ndi tsabola wa kambuzi. Kusukulu ndidalekeza Folomu 4. Zinazo ndidaphunzira pa YouTube, pa laputopu yakale yoti magetsi akathima nayo yathima.

Usiku womwewo ndidayamba kufufuza za mzinda wa eniwo, ndipo ndidapeza kuti masiku a ulendo wathu akugwera pa GITEX, chionetsero chachikulu cha makompyuta ndi zamakono, kuyambira Lolemba pa 14 mpaka Lachisanu pa 18 Okotobala. Tulo tidatha. Ndidati makampani onsewo akasonkhane malo amodzi, ndiye pasapezeke ngakhale imodzi yofuna mnyamata wojambula? Koma ndikawaonetsa chiyani? Ntchito zanga zidali zomwazika. Zina m'mafoni a makasitomala, zina pa makoma a ku Limbe ndi ku Ndirande komwe mvula idazichapa kalekale, zina anthu adakulungira kale zitumbuwa. Mzungu kapena Mwarabu sungamuuze kuti "tiye ukaone pa khoma la ku depoti". Ndiye ndidaganiza zomanga webusaiti yanga, tsamba la pa intaneti loonetserapo ntchito za manja anga.

Kwa inu amene simudaionepo m'kati mwake, webusaiti musaiope, ndi benchi basi. Pamafunika dzina loti anthu akupezereni, lomwe eni ake amati domain, ndipo mumalilipira chaka ndi chaka ngati chiphaso cha malonda. Pamafunika malo pa kompyuta ya wina yosathima usana ndi usiku, ndiye lendi ya malo imeneyo. Kenako pali chilankhulo chotchedwa HTML, chomwe ndi matabwa ndi misomali yokhomera benchi, ndi china chotchedwa CSS, chomwe ndi penti ndi kayalidwe ka katundu. Webusaiti yoyamba pa dziko lonse adaimanga Tim Berners-Lee ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndipo idafika kwa anthu mu 1991. Idalibe chithunzi ngakhale chimodzi, mawu okhaokha. Ndikadakumbukira zimenezi msanga sindikadachita manyazi amene ndidachita.

Ndidali ndi masabata atatu. Malo ndidapeza aulere pa GitHub Pages. Ndidasonkhanitsa ntchito zanga zonse, zoposa 80, n'kuziunjika pa tsamba limodzi. Ndidaikapo zilembo zovina, dzina langa lotulukira mu utsi, ngakhale kanyimbo. Pa laputopu panga zinkaoneka bwino zedi. Ndidathamangira ku Limbe kukanyadira.

Azakhali adatulutsa foni yawo ya galasi long'aluka, ndidawalembera dzina la tsamba. Tidadikira. Kabwalo kaja kankangozungulira. Kasitomala adabwera, adagula chaja, adatsutsa chenji, adapita, kabwalo kakuzungulirabe. Kenako uthenga udalowa woti bandulo yatha.

"Ndiye wamanga sitolo yoti munthu alipire asanalowe?" adatero. "Ndipo zonsezi waunjikiranji ngati kaunjika wa pansi? Ine pa benchi ndimaika zisanu zokoka maso, zinazo zimakhala m'katoni. Malonda ndi m'maso, mwana iwe."

Ndidawagulira bandulo ina, ndidabwerera kunyumba ndili chete. Vuto lidali loti chithunzi chilichonse chidali cholemera pafupifupi 4MB, monga chidachokera mu kamera ya foni. Chulukitsani ndi 80 muone. Ndidachepetsa chilichonse kufika pansi pa 200KB, ndipo pa galasi la foni diso silisiyanitsa. Utsi ndidachotsa, kanyimbo ndidachotsa. Kusankha ndiye kudandipweteka, chifukwa chilichonse chidali mwana wanga, koma ndidatsala ndi ntchito 12. Pansi pa iliyonse ndidalemba mizere iwiri: mwini ntchito ankafuna chiyani, ine ndidachita chiyani. Pamwamba dzina langa ndi zomwe ndimapanga, pansi batani la WhatsApp. Nditabwerera ku Limbe tsamba lidatseguka azakhali asanamalize kupukuta magalasi awo.

Chotsala chidali dzina lija. Mtengo wake sudafike madola 15 pa chaka, koma ndalama zakunja nthawi imeneyo zinkasowa ngati mano a nkhuku. Kwacha idali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pa bolodi la kubanki dola inkalembedwa K1,751, koma dola yakeyo kuti uigwire! Khadi langa lidakanidwa katatu. Mapeto ake msuweni wanga wa ku Joni ndiye adandilipirira, ine n'kukapereka makwacha kwa mayi ake ku Bangwe. Ndidasindikizanso makadi 200 a bizinesi okhala ndi QR code, kabokosi ka madonthomadontho kaja koti ukakaloza ndi kamera ya foni tsamba limatseguka lokha. Kabokosiko adakapanga a kampani ya Denso Wave ku Japan mu 1994 kuti azilondolera zitsulo za magalimoto m'fakitale. Kuwerengera viza, makadi, tikiti yolowera ku chionetsero ndi ya m'thumba, lendi yanga ya miyezi iwiri idapita. Alandilodi ndidawauza kuti ndikabwerako ndi madola. Adangoti "tiona".

Za ndege sindinena zambiri. Tidanyamukira pa Chileka, tidasinthira ku Addis Ababa, ndipo tidatera ku Dubai kusanache. Wotchi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola awiri. Chitseko cha bwalo la ndege chitatseguka ndidaganiza kuti wina wayatsa uvuni pafupi. Kutentha kwa Okotobala wa ku Nsanje ndidakumvapo, koma uku kuli ndi chinyezi cha nyanja chomwe chimakumata pa khungu ngati phala.

Dubai ya pa TV, ya nyumba zoboola mitambo ndi Burj Khalifa wa mamita 828, si kumene amalonda athu amafikira. Iwo amafikira ku Deira, mzinda wakale wa m'mbali mwa Creek, mkono wa nyanja umene udalowa kumtunda. Tidagona kahotela ka chapafupi ndi msika wa Naif, masitepe ake odzaza makatoni omatidwa selotepi mpaka podutsa kusowa. Kumeneko ndidamva ngati ndili ku Limbe kwathu, kungoti misewu ndi yosesa. Timashopu tothithikana, anyamata okoka ngolo za katundu, oitanira malonda pakhomo. Chiswahili, Chifalansa cha ku Congo, Chizungu cha ku Nigeria, Chihindi, Chiarabu, zonse mu msewu umodzi. Pa anthu 10 alionse okhala m'dzikolo pafupifupi 9 ndi obwera. Mwenye wina wa mu shopu ya makava atangoona azakhali adafuula "Malawi! Malawi!" n'kuwatulutsira mpando ndi tiyi wa karak, wa mkaka wambiri ndi zonunkhira, m'kakapu ka pepala. Kutsitsa mtengo kwake n'kwa pa kalikyuleta. Iye alemba nambala, azakhali afufuta alemba yawo, iye agwira pamtima, azakhali anyamuka ngati akupita, iye awaitana. Sukulu yake ndi yomweyo ya mumsika mwathu.

Madzulo tidakwera abra, kabwato ka matabwa kowolotsa anthu pa Creek, dirham imodzi munthu mmodzi. M'mbali mwa doko mudali mafiriji, matayala, matumba a mpunga, zounjika pamtetete kudikira zombo za matabwa zopita kutsidya la nyanja, popanda mlonda wooneka. Azakhali adandiyang'ana, ine ndidawayang'ana, tonse tidaseka osanena kanthu. Ndidafuna kuimbira mayi anga kuti ndiwaonetse, koma kumeneko kuimba foni pa WhatsApp sikunkatheka, mauthenga okha ndiwo ankadutsa. Mudziwiretu zimenezo mukamapita.

Lachiwiri pa 15, kwathu kuno anthu akupuma pa Tsiku la Anakubala, azakhali adandimasula. "Pita ku makompyuta akowo, koma 6 koloko ndikupeze pano, tikamange katundu." Ndidavala shati yoyera ndi nsapato za ukwati wa mchimwene wanga. Ndidakwera Metro, sitima yopanda dalaivala yomwe idayamba kuyenda mu 2009. Umagula kakhadi kotchedwa Nol, umagunditsa pa geti. M'sitimamo kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu ndi mlandu wa chindapusa, ndipo muli chipinda cha amayi ndi ana okha chomwe mwamuna akalowamo amalipitsidwa. Ine phazi lidali litalowa kale pamene bambo wina wa ku Philippines adandikoka malaya. Safunsa adadya phula. Ndidasinthira pa Union, ndipo pofika pa siteshoni ya World Trade Centre sitima yonse idakhuthukira pomwepo, masuti okhaokha.

Nsanja ya World Trade Centre idatsegulidwa mu 1979, ndipo masiku amenewo idaima yokha pa mchenga. Lero ndi kamwana pakati pa zimphona za mu Sheikh Zayed Road. GITEX idayambira pomwepo mu 1981, ndipo ya 2024 idali ya nambala 44. Zionetsero zina zazikulu za makompyuta zidafa, COMDEX ya ku Las Vegas idathera mu 2003, CeBIT ya ku Hannover mu 2018, koma iyi idangokulirakulira mpaka kubereka ina ku Marrakech, Morocco, mu 2023. Eni ake adati chaka chimenecho kudabwera makampani oposa 6,500 ochokera m'maiko oposa 180. Amene mudafikako ku Trade Fair ya pa Chichiri, iwalani. Ine ndidayenda tsiku lonse, theka lokha sindidamalize, ndipo nsapato za ukwati zija zidanditupitsa matuza awiri.

Pakhomo amakupatsa baji yokolekera m'khosi, ya dzina lako ndi kampani yako. Ine pa kampani ndidalemba dzina la webusaiti yanga. Kulowa m'holo yoyamba, kuzizira ngati Dedza mu Juni, ndipo maso adachita chidima ndi magetsi. Makoma athunthu ndi TV. Maloboti a miyendo inayi akuyenda ngati agalu, ena a nkhope ya munthu akuphethira n'kumayankha mafunso. Magalimoto a mapiko oti ati adzauluka. Microsoft, Huawei, Google, maofesi a boma la Dubai, apolisi ndi magalimoto awo onyezimira, aliyense wamanga nyumba yake m'kati mwa holo, ina yosanja, yoti Loweruka aiphwasule. Ndalama yomangira imodzi yokha ikhoza kufolera msika wonse wa Ndirande. Ndipo paliponse zilembo ziwiri: AI, AI, AI. Wogulitsa makamera AI, wogulitsa mabanki AI, ndikukhulupirira wogulitsa tiyi naye akadafunsidwa akadati ndi wa AI.

Ndidayamba kugawa makadi. Apa ndiye ndidaphunzira kuti chionetsero chotere si malo ofunira ntchito. Aliyense woimirira pamenepo wabwera kudzagulitsa, ndipo akangokuona amayamba wawerenga baji, nkhope pambuyo. "Kampani yanu ndi yaikulu bwanji? Muli ndi antchito angati?" Ndikati ndili ndekha, ndimajambula, kumwetulira kuja kunkachepa ngati sopo wa m'bafa la ambiri. Amalandira khadi mwaulemu ndithu, amaloza kamakina pa baji yako, akupatsa cholembera kapena kachikwama ka nsalu, maso ali kale pa munthu wa kumbuyo kwako. Cha m'ma 1 koloko ndidapeza khadi langa lina pansi pa kapeti, litapondedwa. Ndidalitola, ndidalipukuta, ndidalibwezera m'thumba. Lidandidyera ndalama limenelo.

Chimene chidandiswa mtima ndi china. Pa malo a kampani ina padali kompyuta yoti ulembe chomwe ukufuna, iyo ikujambulire. Ndidaima pa mzere, nthawi yanga itakwana ndidalemba kuti ndikufuna positala ya chiponde cha ku Malawi, yokhala ndi mawu oti "Chiponde chokoma". Sindidawerenge mpaka 10. Botolo lidatuluka lonyezimira, mtedza ukugwa kuchokera kumwamba, kuwala kwa dzuwa la m'mawa, ntchito yoti ine ndikadagonera masiku awiri. Mawu okha ndiwo adasokonekera, zilembo zidapindikapindika ngati zolemba mwana wa mkaka. Ndidaseka mokweza kuti ndidzilimbitse mtima, koma m'mimba mudali mutazizira. Ndipo ndisakunamizeni, makina amenewo lero zilembo akuzikhoza bwino kuposa mu 2024. Ndidakakhala pansi m'khonde, msana ku khoma, pakati pa anyamata a ku India amene nawo ankadya masangweji obisa m'zikwama, chifukwa mtengo wa chakudya cha m'katimo ndi wa anthu a makampani. Ndidaganiza za alandilodi anga.

Pofuna chimbudzi ndidasochera, n'kutulukira m'holo ina yopanda phokoso. Kumeneko kudalibe maloboti. Kudali timashopu ting'onoting'ono ta makoma oyera, tofanana ngati makalasi a pulayimale, mizeremizere, tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Ambiri adali a mafakitale a ku China, makamaka Shenzhen ndi Dongguan. Pa matebulo padali machaja, zingwe za foni, mahedifoni, ma power bank, timakina tosindikiza malisiti. Katundu wa azakhali yemweyo! Apa ndiye ndidaona ndi maso chomwe tonse timangochimva: chaja ya "ku Dubai" sipangidwa ku Dubai. Imachokera ku China, imatsikira pa doko la Jebel Ali, imalowa m'nyumba zosungira katundu, imafika mu shopu ya ku Naif, kenako m'chikwama cha azakhali. Dzanja lililonse limene yadutsamo laikapo yake.

Ndidaima pa kashopu ka mayi wina wa ku Shenzhen. Ndidamupatsa khadi lopondedwa lija, poti ndilo lidali pamwamba. Iye sadaliike m'thumba. Adaloza foni yake pa kabokosi kaja pomwepo ine ndikuona. M'holo yodzaza anthu chotero netiweki imakwawa, ndipo ndidaona anthu a masuti akulephera kutsegula mawebusaiti a makampani awo. Langa lidatseguka nthawi yomweyo. Mumtima ndidathokoza foni yong'aluka ya ku Limbe.

Adadutsa mapositala a chitsitsimutso osaima. Makadi a ukwati osaima. Adaima pa lebulo la tsabola wa kambuzi, n'kulikulitsa ndi zala.

"Chilankhulo chanji ichi?"

"Chichewa. Cha kwathu ku Malawi."

"Anthu amagula chinthu cholembedwa m'chilankhulo chimenechi?"

Ndidamuuza kuti mayi wa tsabolayo adasindikizitsa kachiwiri. Ndidamufotokozeranso zomwe kompyuta ija sikadadziwa: kuti lebulolo ndidaliyeza pa botolo lakale la mayonezi chifukwa ndi mabotolo amene mayiyo amapeza, kuti ndidagwiritsa mitundu iwiri yokha kuti kusindikiza kutchipe, kuti ndidasiya malo odindapo tsiku lothera ntchito.

Ntchito sadandipatse, ndinene poyera. Adatenga kabokosi ka chaja kopanda kanthu, adakaphwasula n'kukayala pa tebulo. Adati fakitale yawo imasindikiza bokosi lililonse lomwe kasitomala watumiza, dzina lake, mtundu wake, chilankhulo chake, bola atenge machaja osachepera 1,000. Iwo amatumiza chithunzi cha mizere yodulira ndi yopindira bokosi, wojambula amadzaza m'katimo, mitundu yake ikhale ya makina osindikizira yotchedwa CMYK, osati ya pa galasi la kompyuta. Mtengo umene adandilembera pa kalikyuleta udali wotsika kwambiri kuyerekeza ndi wa ku Naif. Koma adandichenjeza yekha kuti pamenepo uwonjezerepo chombo, msonkho, kulipiriratu gawo la ndalama usadaone katundu, ndi kudikira miyezi kuti kontena ifike. Kabokosi kophwasulako adandipatsa.

Ndidafika ku Deira 7 koloko itadutsa. Azakhali adali atamanga kale katundu ndi mnyamata wa pahotela, nkhope ili gwa.

"Ntchito ija waipeza?"

"Ayi, azakhali."

"Nanga m'manjamo?"

Ndidayala kabokosi kaja pa bedi. Ndidati taganizani chaja ya dzina lanu, yolembedwa m'Chichewa kuti ikafa pasadathe mwezi bweretsani tikusinthireni. Pa benchi lililonse ku Limbe machaja ndi ofanana, kasitomala sadziwa kuti yabwino adagula kwa ndani, yomuotchera foni adagula kwa ndani. Adakhala chete nthawi yaitali akutembenuza kapepalako.

"1,000 ndi yambiri kwa munthu mmodzi," adatero. "Kwa anthu asanu si yambiri."

Lachitatu tidawolokera ku Bur Dubai, ku Computer Plaza ndi mashopu a mu Khalid bin Al Waleed Road, kukagula malaputopu atatu ogwiritsidwapo kale amene anthu adawatuma. Apa ndidagwira ntchito ya tikiti yanga. Ngati mumaoda malaputopu, imvani. Musagule osayatsa. Zulani chaja muone ngati batire likusunga moto. Dindani batani lililonse, ndipo yang'anani zilembo, chifukwa ambiri kumeneko ali ndi zilembo za Chiarabu pambali, zomwe makasitomala ena kwathu amazikana. Onetsetsani kuti mwini wakale sadasiye pasiwedi yotsekera makina onse poyatsa. Chachikulu ndi ichi: Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Wogulitsa akati "Core i5" musagwe nazo, funsani m'badwo wake. i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6, i5-8250U ndi ya wa 8, nambala yoyamba ija ndiyo imanena. Zotchipa zokopa maso zija zambiri ndi za 6 ndi 7. Mapulagi okha musade nawo nkhawa, ndi a mano atatu ngati athu. Ma power bank musaike m'chikwama chopita pansi pa ndege, amayenda m'chikwama cha m'manja.

M'shopu ina ndidacheza ndi mnyamata wa msinkhu wanga wochokera kuno ku Africa, amene adandinong'oneza kuti nditsale, ntchito ipezeka. Iye adalowa ndi viza ya mlendo ngati yanga, idamuthera, ndipo chindapusa chake chinkawerengedwa madirham 50 tsiku lililonse. Kugwira ntchito pa viza ya mlendo ndi mlandu kumeneko. Ankagona anthu asanu ndi atatu chipinda chimodzi, mabedi osanjikiza. Kwawo ankatumiza zithunzi ataima kutsogolo kwa magalimoto a eni. Ndidamugulira karak, ndidamupatsa khadi langa, Lachisanu ndidakwera ndege ndi zikwama zanga ziwiri za makilo 23.

Pa makadi 200 aja ndidagawa 140. Nditafika kunyumba ndidalembera makalata onse amene adandipatsa makadi awo. Adayankha atatu, ndipo awiri mwa iwo ankafuna kundigulitsa zinthu. Makampani ena mpaka lero amanditumizira mauthenga onditchula "wokondedwa bwana mkulu", chifukwa cha baji ija. Alandilodi ndidawalipira pang'onopang'ono mpaka Januwale.

Makadi 60 otsalawo azakhali adawaika pa kauntala pawo, pafupi ndi nambala ya Airtel Money ndi Mpamba. Ndi amenewo adagwira ntchito. Mayi wa sopo wamadzi wa ku Chirimba adaloza foni yake ali chiimire kudikira chenji, adaona lebulo la tsabola lija, madzulo adandilembera. Iye adauza wa uchi, wa uchi adauza wa thobwa la m'mabotolo. Pa tsambalo mapositala a chitsitsimutso atsalapo awiri okha, malo awo adatenga malebulo. Dzina lija chaka chilichonse likafika polipira, msuweni wa ku Joni amandikumbutsa yekha, poti mayi ake makwacha aja adawakonda.

Za machaja 1,000 zija, azakhali adapezadi anzawo anayi. Adakumana Loweruka lina kuseri kwa shopu, atakhala pa makireti, ine ndili pakati ndi laputopu. Za ndalama adagwirizana msanga, aliyense 200. Za mtundu wa bokosi adagwirizana, lofiira. Nkhondo idabuka pa dzina. Azakhali adati nzeru idabwera ndi mwana wa mlongo wawo, ndiye dzina likhale la shopu yawo. Wina adati ndalama zake sizingakweze dzina la mnzake. Wachitatu adafuna dzina la m'Baibulo, wachinayi ndi Msilamu. Wachisanu adati tingolembapo "Dubai Original" anthu agula, ndipo onse anayi adamutembenukira.

Dzuwa lidalowa asadamvane. Potseka shopu azakhali adandikokera pambali.

"Iwe, kajambule mabokosi asanu, lililonse dzina lake. Ukabwere nawo Loweruka tidzawaike pa benchi opanda kanthu, tione limene makasitomala ayambe kulitola."

"Nanga ya ntchito yanga alipira ndani, azakhali?"

"Tikiti ya ku Dubai udalipira ndiwe?"